Alendo M'minibasi ya Gadise

Gadise anali ndi nkhani yoti auze mwamuna wake, ndipo nkhaniyo inkafuna makutu awiri okha. Sukulu ya unamwino ya ku Jimma inali itamutenga. Pofika Lolemba ankayenera kuyankha ngati apita kapena ayi. Zaka zitatu, kutali ndi kwawo, ndipo Megersa sankadziwa n'komwe kuti mkazi wake analembera.

Vuto linali malo oyankhulira. Kwa apongozi ake ku Shashemene kunkakhala anthu khumi ndi mmodzi, ndipo chipinda chawo chinali ndi katani m'malo mwa chitseko. Ukangoti "Megersa", amayankha anthu atatu. Gadise naye anali wamanyazi. Mawu ake akaona gulu amabwerera kukhosi n'kukakhala phee.

Ndiye Megersa atamaliza kukonza galimoto yake, Gadise anati mwayi uja ndi uwu. Megersa anali wowotcherera zitsulo. Anagula minibasi yotopa yomwe kale inkanyamula anthu ku Addis, n'kuzula mipando yonse yakumbuyo. Anaikamo bedi, kashelefu, kabokosi ka makapu, ndi mbaula yomangirira pansi ndi mabawuti anayi. Penti yokha ndi imene anati adzaiona m'tsogolo. Choncho galimotoyo inatsala momwe inalili, pansi buluu, pamwamba poyera, ngati matakisi onse.

"Tikagone m'nkhalango ya Harenna," anatero Megersa. "Awiriwiri, ngati azungu aja."

Lachisanu anafika ku Goba. Azakhali ake a Megersa atamva zogona m'galimoto anagwira pakamwa, n'kunena kuti bola afe kaye. Gadise anagona ndi asuweni anayi.

Loweruka m'mawa anakwera phiri la Sanetti. Pamwamba pake panalibe munthu ngakhale mmodzi, miyala ndi mphepo basi. Gadise anatembenukira kwa mwamuna wake.

"Megersa, pali zina ndimafuna..."

"Dikira kaye, ukuimva injiniyo? Ikutsokomola ngati amalume. Tikatsika undiuze."

Anatsika. Msewu unayamba kukhotakhota, nkhungu inawakuta, mitengo inayamba kuoneka itavala ndere zolendewera ngati ndevu. Gadise anakonza mawu ake m'mutu kachitatu. Atangotsegula pakamwa, panatulukira gogo wina m'mbali mwa msewu atakweza dzanja, mbuzi ili pachingwe.

Megersa anaponda buleki.

"Mukuimiranji?" ananong'ona Gadise.

"Waimika."

Gogoyo sanafunse kanthu. Anakoka chitseko, anakweza mbuzi, naye n'kukwera. Anayang'ana uku ndi uku kufuna mpando, kenako anakhala pabedi n'kulidumphadumpha pang'ono.

"Matakisi a masiku ano," anatero. "Ndine Kulani. Mukanditsitse kupitirira Rira, pa mlatho wachiwiri."

"Chabwino, Adde Kulani," anayankha Megersa, poti kumeneko mayi amamutchula mwaulemu kuti Adde. Kenako anatembenukira kwa mkazi wake. "Ndi pafupi pomwepa."

Sanayende mtunda wautali, panaima bambo wamtali atasenza mng'oma wa njuchi wautali ngati munthu. Ameneyu anali Obbo Hirpo, kunena kuti Bambo Hirpo, wofula uchi. Mng'omawo anaugoneka pabedi bwinobwino, mbali imodzi papilo ya Gadise.

"Mulibe njuchi," anatero asanafunsidwe. "Mwina ziwiri."

Ku Rira kunali tsiku la msika. Anthu ataona buluu ndi zoyera anathamanga. Anakwera amayi awiri ndi mitolo ya kabichi, mphunzitsi wina wovala jekete lachikopa, bambo wonyamula nsungwi zomwe zinatulukira pawindo, ndi ena amene Gadise anasiya kuwayang'ana kumaso. Wina anamukankha kuti asendere, mpaka anapezeka wakhala kumbuyo pafupi ndi mbaula, mbuzi ikumupumira m'khosi. Pampando wake wakutsogolo panakhala mphunzitsi, akuuza Megersa momwe angasinthire magiya.

Atalowa pakati pa nkhalango, Obbo Hirpo anatulutsa ndalama ya ulendo n'kuipereka kutsogolo. Megersa anaiona pagalasi, nkhope n'kutentha.

"Ayi, Obbo, bwezani m'thumba. Iyi si takisi."

"Nanga n'chiyani? Ngolo?"

"Ndi nyumba yathu. Ine ndi mkazi wangayo. Ilo ndi bedi lathu."

Anthu anayang'anana. Gadise anatsitsa mtima pansi. Anaganiza kuti tsopano apepesa n'kutsika.

Kupepesa anapepesadi. Adde Kulani anamenya m'manja kamodzi.

"Mayo ine! Talowa m'nyumba ya eni ake osapereka moni! Iwe dalaivala, ima. Taima, ndati!"

Megersa anaima pansi pa mtengo waukulu. Anthu onse anatsika, ndi mbuzi yomwe. Anakutumula fumbi, amayi anakonza mipango yawo, mphunzitsi anamanga batani la jekete. Kenako Obbo Hirpo anagogoda pachitseko chomwe chinali chotsegula kale.

"Eni nyumba, mulimo?"

Gadise anayang'ana Megersa. Megersa anayang'ana chiwongolero.

"Tilimo," anatero Megersa. "Lowani."

Analowa mmodzimmodzi, atavula nsapato. Aliyense anafunsa Gadise ngati ali bwino, ngati makolo ali bwino, ngati ana ali bwino, ngati ng'ombe zili bwino. Gadise analibe ana, analibe ng'ombe, koma anayankha kuti zonse zili bwino, Mulungu ngwabwino. Atatha onse, anakhalanso pabedi mmene anakhalira poyamba, manja ali pamaondo, n'kumamuyang'ana mwaulemu.

Iye anadziwa chimene ankadikira. Wokwera takisi amatsika pamene wafika. Mlendo satuluka m'nyumba asanamwe khofi, ndipo khofi sathera kapu imodzi.

Anakoleza mbaula. Mayi mmodzi anatuluka n'kubwera ndi udzu wauwisi, anauwaza pansi pa minibasi. Gadise anatsuka khofi, anamuika pachiwaya n'kuyamba kukazinga. Utsi unadzaza. Anazungulitsa chiwayacho kuti aliyense akokere fungo kumphuno ndi dzanja, ndipo pochita zimenezi anagunda mphunzitsi pakhutu.

"Mwana waulemu," anatero Adde Kulani. "Koma lubani ali kuti?"

Lubani analipo. Gadise anamugula kuti adzafukize ali awiri. Anamuponya pamoto.

Mtondo wosinjira khofi utangoyamba kulira, go, go, go, kunja kunamveka kutsokomola. Panaima mayi wonyamula nkhuni ndi mwamuna wake.

"Tinamva mtondo," anatero mayiyo. "Timati tione anthu amene asamukira kuno."

"Ndi aneba," Adde Kulani anauza Gadise. "Senderani, anthu inu."

"Sitinasamukire kuno," anatero Gadise, koma mawuwo anamva ndi mbuzi yokha.

Anebawo anaitana aneba awo. Munthu wina amene anali pamwamba pa mtengo akumangirira mng'oma anatsika ndi chingwe, n'kulowa ndi chisa cha uchi m'manja ngati mphatso. Njuchi ziwiri za Obbo Hirpo zinatuluka kudzaona, ndipo zinali zoposa ziwiri, koma utsi wa lubani unazigoneka pakatani. Pamene khofi ankawira mu jebena, mphika wadothi wophikira khofi, m'nyumbamo munali anthu khumi ndi asanu ndi awiri, kuposa kwa apongozi. Matayala akumbuyo anaphwa ndi kulemera.

Kapu yoyamba inapita ndi nkhani ya mvula. Makapu anali asanu ndi limodzi, ndiye ankamwa mosinthana, Gadise akutsuka. Ena amafuna shuga, Obbo Hirpo amafuna mchere. Megersa, atapanikizika pakati pa kabichi ndi nsungwi, ankamwetulira aliyense. Gadise anamuyang'ana n'kuona kuti akusangaladi, ndipo izi ndi zimene zinamupweteka kwambiri.

Pa kapu yachiwiri anayamba kukambirana za nyumbayo.

"Nyumba yabwino, koma yakula pang'ono mawindo," anatero wa nsungwi.

"Khomo likanayang'ana kum'mawa."

"Likhoza kuyang'ana kulikonse, ili ndi matayala," anatero mphunzitsi.

"Aphunzitsi, inu mumadziwa zonse, koma jeketelo mwalivala chiyambire boma lakale lija."

"Nanga khola mudzamanga pati?" anafunsa neba. "Kumbuyo kuno kumabwera afisi."

Gadise anathira madzi achitatu mu jebena. Anayang'ana dzuwa pakati pa masamba, linali litapendeka. Mawa Lamlungu akhala pamsewu wobwerera, azakhali a ku Goba akuwadikira ndi asuweni awo. Mkuja Lolemba.

Kapu yachitatu ndi ya madalitso. Obbo Hirpo, monga wamkulu, anatambasula manja. Anadalitsa nyumba, anadalitsa khomo, anadalitsa ng'ombe zija, anthu akuvomereza pamodzi. Kenako anati: "Alendo asathe m'nyumba muno, usana ndi usiku, chaka ndi chaka!"

Onse anavomereza mokweza. Gadise yekha sanavomere. Jebena anamuika pansi mwamphamvu mpaka makapu analira.

"Ndikufuna kuyankhula ndi mwamuna wanga," anatero. Mawu anatuluka opyapyala, koma anatuluka. "Patokha."

Anadikira kuti nthaka imumeze. Koma Adde Kulani anangoika kapu pansi.

"Nanga osanena bwanji, mwana iwe? Tulukani nonse! Mwamwa, mwadalitsa, mukufunanso chiyani? Tulukani!"

Anatuluka mwachangu, akupondana, akusakasaka nsapato. Gadise anatseka maso kuti apeze mawu oyambira. Atawatsegula, m'galimoto munalibe munthu. Megersa naye anali atatuluka. Anali panja, nsapato imodzi m'manja, akuthandiza wa nsungwi kupeza yake.

"Iwe!" anakuwa Adde Kulani. "Mwamuna wake ndi ndani, ndine?"

"Munati tituluke tonse, Adde."

Gogoyo anamugwira khutu ngati mwana wa sukulu, anamukankhira mkati, n'kutseka chitseko kuti gwa.

Munali phee. Makala okha ankathetheka. Megersa anakhala pabedi pafupi ndi mng'oma, akusisita khutu. Gadise anaona kuti sanayambe wakhalapo naye m'chipinda chotseka masana, ndipo anachita manyazi ngati akumuona koyamba.

"Ndalakwa chiyani?" anafunsa Megersa.

"Palibe. Ndinalembera sukulu ya unamwino ku Jimma. Anditenga. Zaka zitatu. Akufuna yankho Lolemba."

Zonse zinatuluka kamodzi, ngati madzi otayika m'ndowa. Megersa anasiya kusisita khutu.

"Unalembera liti?"

"Mwezi wa zokolola."

"Osandiuza?"

"Ndikanakuuzirani kuti? Kubafa? Kumenekonso mlongo wanu amayankha."

Megersa anayang'ana pansi, pa udzu wopondedwa uja. Asanayankhe, pawindo panamveka kugogoda. Mawindo onse anali odzaza nkhope, zina zitaphwatalala pagalasi. Obbo Hirpo anakankha windo pang'ono n'kulowetsa mphuno.

"Pepani eni nyumba, sitimamvetsera ayi. Koma takambirana kunja kuno. Ambiri akuti apite. Aphunzitsi akuti Jimma ndi kotentha. Aneba akufunsa kuti akapita, khofi azikazinga ndani."

"Obbo, dikirani kaye," anatero Megersa. "Wafunsa ine."

Anatseka windo, n'kukoka katani pamodzi ndi njuchi zake. Anayamba kupotokola chingwe cha nsapato.

"Iweyo ukufuna kupita?"

Gadise anali atakonzekera mafunso ambiri, za chakudya, za anthu adzati chiyani, koma limeneli ayi.

"Eya," anatero. "Kwambiri."

"Zaka zitatu." Megersa anapuma mozama. "Ndidzaonda ine."

"Kwanu kuli anthu khumi okudyetsani."

"Koma khofi wawo ndi madzi." Anaseka pang'ono, maso ali onyowa. "Uwayankhe kuti ukubwera. Ndizidzabwera mwezi uliwonse."

Gadise anabisa nkhope m'mpango. Kunja kunamveka mayi wina akuyamba nthungululu, wina n'kumutseka pakamwa.

Kenako nkhope ya Megersa inasintha, ngati munthu amene waponda minga.

"Nanga amayi? Tikawauza bwanji amayi?"

"Mukawauza ndinu. Ndi amayi anu."

"Ine? Ndekha?" Anasuzumira pakampata ka katani, n'kuyang'ana gogo uja amene anali ataima ndi mbuzi yake, manja m'chiuno, akukalipira mphunzitsi. "Gadise, ukuganiza kuti Adde Kulani angavomere kupita nafe ku Shashemene? Akangoyamba iwowo, ine n'kumalizitsa."

Chitseko chinatseguka chokha.

"Mawa ndilibe chochita," anatero Adde Kulani, phazi limodzi lili kale mkati. "Koma mbuzi ikhala kutsogolo. Kumbuyo kuno imachita chizungulire."