Mawotchi Awiri pa Tebulo la Nduna

Ku unduna woona za ubale ndi mayiko ena ankawatchula kuti Mayi Zatheka, chifukwa ukawafunsa chilichonse, kaya maluwa a patebulo, kaya galimoto yokatenga alendo kubwalo la ndege, yankho lawo linali lomwelo. Koma m'mawa wa tsiku losainirana pangano la malonda, mawuwo anawauma pakamwa.

Alendowo anali ochokera kutsidya kwa nyanja zikuluzikulu, dziko longodzikoka ngati lakuno lomweli, lolima mpunga ndi kupanga timakina ting'onoting'ono. Mayiko awiriwa anali atangoyamba kumene kudziwana. Nduna inalamula kuti kazembe wa dzikolo alandire mphatso yopangidwa ndi manja a anthu akuno, ndipo Mayi Zatheka anapereka ntchito yopanga mpando kwa mlamu wawo, kalipentala wodziwa mipando koma wosadziwa kalendala.

Atafika kumene mlamuyo amagwirira ntchito, anaupeza mpandowo uli pakati pa utuchi, ukunyezimira.

"Musaukhudze, alamu!" anakuwa kalipentalayo. "Vanishi ndapaka pompano. Mawa ukhala utauma."

"Mawa? Alendo ali kuhotela akumanga mataye, inu mukuti mawa! Mukufuna mundichotsetse ntchito?"

"Ndiye muwauze aziuonera patali."

Nthawi yokangana panalibe. Anathamangira m'tauni, nalowa m'sitolo yoyamba imene anaipeza yotsegula, nagula wotchi yaikulu yapakhoma, yagolide m'mbali, yokhala ndi timbalame tiwiri pamwamba. Anaikulunga ndi pepala lonyezimira ali m'galimoto, thukuta lili kamukamu.

Mwambo unayamba bwino. Nduna inalankhula za abale okhala kutali, kazembe, bambo wamfupi wadazi, anayankha kudzera mwa womasulira, ndipo onse anasaina, ojambula akuthwanimitsa makamera. Kenaka inakwana nthawi ya mphatso. Nduna inalandira phukusi m'manja mwa Mayi Zatheka, niwayang'ana ndi diso lofunsa kuti mpando walowamo bwanji m'menemu.

Kazembe atamasula pepala, kumwetulira kunamuthera. Anacheukira mlembi wake, mlembiyo nkuyang'ana pansi. Nayo nduna inamasula phukusi lochokera kwa alendo. Munatuluka wotchi yapakhoma, yagolide m'mbali, timbalame tiwiri pamwamba.

Mayi Zatheka analakalaka pansi patang'ambika kuti alowe. Nduna inatembenuza wotchi yake nkuwerenga kumbuyo, kazembe nayenso chimodzimodzi. Mawotchi onse awiri anali opangidwa kudziko lina lachitatu, lija limagulitsa mayiko onsewa chilichonse, kuyambira singano mpaka matayala.

Woyamba kuphulika ndi phwete anali kazembe. Anaseka mpaka kuvula magalasi, ndipo womasulira anachita kudikira kuti apume.

"Akuti mphatso yawo yeniyeni ndi kamakina kopunthira mpunga," anatero womasulirayo. "Koma kakadali padoko la dziko lina, poti palibe sitima yochoka kwawo kubwera kuno mwachindunji. Ndiye m'mawa uno anatuma mlembi wawo kuti akagule chilichonse chooneka bwino."

"Mwini sitolo ameneyo lero wadzuka ndi mwayi," inatero nduna ikupukuta misozi. "Nanga ife, Mayi Zatheka, tinganene kuti chiyani?"

"Bwana, mpando ulipo. Koma vanishi sanaume."

Kazembe atamva zimenezi anati sachoka osauona. Posakhalitsa mdipiti wa magalimoto a mbendera, apolisi a njinga zamoto ali patsogolo, unakhotera m'kanjira kafumbi ka kwa kalipentala. Mlamu uja ataona apolisi anaponya pansi sowo nkuyamba kukwera mpanda wakuseri.

"Alamu, tsikani! Si zokumangani ayi, ndi alendo!"

Anatsika manyazi ali tho, utuchi uli mbuu m'tsitsi. Kazembe sanasamale zimenezo. Anakwinya buluku nagwada, nasuzumira kunsi kwa mpando kuona m'mene matabwa alumikizidwira popanda msomali. Anatola chidutswa cha thabwa nachinunkhiza. Bambo ake, anatero, analinso kalipentala, koma kwawoko mitengo yolimba chotere kulibe. Pasanapite nthawi awiriwo anali akukambirana ndi manja okhaokha, womasulira atangoima pambali ngati wobwera kudzaonerera. Nduna, itakhala pa benchi yosapala, inafunsa mlembi wa kazembe ngati timakina tawo tija tingapirire fumbi la kuno.

Nkhani yoti pakhale sitima yoyenda mwachindunji pakati pa mayiko awiriwa ndiyo inavuta. Inadya misonkhano yambirimbiri ndi tiyi wosaneneka, ndipo kangapo konse inatsala pang'ono kufera m'mazira. Komabe tsiku lina sitima inafika ndi timakina topunthira mpunga, nibwerera itasenza mipando ndi madesiki a akalipentala a m'tauni monse.

Boma litaganiza zotsegula kaofesi kakang'ono kudziko lija, Mayi Zatheka anali m'gulu la osankhidwa kupita.

"Ndiye anawa ndiziwaphikira ine?" anafunsa amuna awo atamva.

"Ndi miyezi yochepa chabe, bambo. Mukapsereza kawiri, kachitatu mudziwa."

Kuyambira tsiku limenelo, Mayi Zatheka akamatsuka mbale ankayeserera moni wa chinenero cha kumeneko, umene womasulira uja anawaphunzitsa. Lilime linkawakana, ana nkumagubuduka ndi kuseka pakhomo la khitchini.