Masitepe Makumi Anayi

Kufakitale ya malaya ankangomutchula kuti Mayi Makolala, poti zaka khumi ndi zinayi ntchito yake inali kusoka makolala basi. Makina ake anali pamwamba, masitepe makumi anayi kuchokera pakhomo, ndipo chaka chino masitepewo anamukulira. Ankapuma katatu panjira, chifuwa chitathina ngati wina wamumanga lamba.

Adokotala atamuunika anapeza mitsempha ikuluikulu ya mtima ili bwinobwino. Vuto linali m'timitsempha ting'onoting'ono, toti mpeni sungachitepo kanthu. Anamulembera kuti azikagona pabedi lachipatala ola limodzi m'mawa uliwonse, masiku makumi atatu ndi asanu, miyendo itakulungidwa m'malamba a mpweya ofinya motsatira kugunda kwa mtima, kuti magazi aziyenda bwino.

Atawapatsa akapitawo kalata ya adokotala, iwo anaitembenuza ngati akufuna mbali ina yomveka.

"Ndiye sakukung'ambani ayi? Angokusisitani miyendo? Kodi mayi, mtima wanu unatsikira m'akatumba?"

Anamulola kuti azifika mochedwa, koma ndi nkhope yakugwa. Mayiyo zinamuwawa. Mnzake wosoka manja a malaya atachitidwa opaleshoni anapatsidwa mwezi wathunthu, anthu n'kumakhamukira kukaona chipsera. Iye akanaonetsa chiyani? Timizere ta malamba tinkakhala titazimiririka nthawi ya tiyi isanakwane.

"Musadumphitse tsiku, amayi," anamwino ankatero pomanga malamba aja. "Tikalekezera panjira, phindu lake lichepa."

Tsiku la khumi ndi chisanu ndi chinayi anachoka kuchipatala mothamanga, maganizo ali pa mulu wa makolala umene unkamudikira. Anangozindikira ali pamwamba. Sanaime, sanagwire n'chitsulo cha m'mbali chomwe. Anakondwa mpaka kuseka yekha.

Akapitawo anali chilili pakhomo la ofesi, kapu ili m'manja. Anali ataona zonse.

"Ndimanena ine. Wodwala mtima amakwera chonchi? Kuyambira mawa, seveni koloko mukhale pa makina. Apo ayi, pamzere panja pali anthu odziwa makolala."

"Bwana, ndakwera chifukwa cha malamba omwewo. Atsala masiku khumi ndi asanu ndi limodzi okha."

"Mwachira, mayi. Thokozani."

Mkwiyo unamukwera mpaka m'makutu. Anafotokoza za timitsempha tija, za mawu a anamwino, za adokotala, mawu ali kutuluka motsatizana osadukiza. Akapitawo anangomvetsera mpaka anamaliza, kenaka anamwetulira.

"Mwadzimva? Zonsezo mwalankhula osapumira n'kamodzi komwe."