Kalulu wa Hana mu Mono

Apolisi atatenga mwamuna wake, mphunzitsi, Enid anapatsidwa masiku atatu kuti atuluke m'nyumba ya sukulu ku Mangochi. Katundu yense anamanga, koma kalulu wa mwana wake Hana anasowa momuika. Katoni kaluluyo anaiboola ndi mano, dengu analilumpha.

A Uladi, msodzi woyandikana nawo, anaponya mono wakale kuseri kwa mpanda mwakabisira, osapereka ndi moni womwe. Enid anayalamo masamba a mbatata, nakankhira kaluluyo pakhomo popanikiza pomwe nsomba ikalowa sibwerera.

"Tikafika ku Chowe atulukira pati, amayi?" anafunsa Hana.

"Tikamasula kumbuyoku."

"Nanga abambo adzatulukira pati?"

Enid anawerama, nayamba kumanganso luzi la kumbuyo kwa monowo lomwe linali lomangidwa kale.