Wosambitsa a Njobvu

Bernadette anali atasesa bwalo kawili, koma mthuthuthu sunamveke. Analowa m'nyumba, natuluka, nakaimanso kunjila yochokela ku Nyimba.

Apongozi ake, a Febian Njobvu, anali pampando pakhonde, atavekedwa jekete lawo lakale la kuntchito. Chiwagwetseleni sitiloko m'munda wa thonje, dzinja la 1984, dzanja lamanja ndi mwendo zinali zakufa, pakamwa popotoka. Akazi awo anamwalila kalekale. Mwana wawo Morgan, mwamuna wa Bernadette, anali kumigodi ku Kitwe. Pakhomo panatsala mtengwa yekha.

Mtengwa sakhala mphasa imodzi ndi apongozi ake aamuna, ngakhale kuwayang'ana kumaso. Koma m'mawa uliwonse Bernadette ankalowetsa beseni la madzi ofunda ataliphimba ndi chitenje ngati zochapa, n'kutseka chitseko, kuwavula, kuwasambitsa, kuchotsa zofunda zonyowa. Onse awili ankayang'ana kukhoma. Anthu a m'mudzimo, ku Ndake, ankauzidwa kuti mdalayo amasamba yekha.

Morgan ndiye anapeza pepala m'sutikesi atabwela patchuthi. Pamene a Njobvu ankayeza thonje pasikelo ku Petauke, analowa inshuwalansi. Pepalalo linkati mwini wake akalumala kothelatu, kampani idzalemba munthu womusamala kunyumba. Jonas, mwamuna amene anagwilapo ntchito kuchipatala cha mishoni, anali atavomela kale kugwila ntchitoyo. Chotsala chinali chakuti munthu wa kampani adzadzionele yekha.

Munthuyo anafika pamthuthuthu dzuwa lili pamutu, fumbi mpaka m'nsidze. Anati ndi a Sakala. Amai Ennie, mlongo wa a Njobvu, anabwela msanga kuchokela kwawo nakhala pafupi, azimai ena atatu pambuyo pawo. Bernadette anagwada chapatali.

"Mafuta a mthuthuthu avuta masiku ano," anatelo a Sakala, akutulutsa fomu. "Ndikachoka lelo, kuno ndi chaka chamawa. Bambo, mumadya nokha?"

A Njobvu ananyamula kapu ndi dzanja lamanzele. Madzi ena anatayikila pajekete, koma anamwa, nayang'ana mlendoyo monyada.

"Mwaona," anatelo amai Ennie. "Munthu uyu ankanyamula belo la thonje yekha. Inu ndi timanja tanu ta pensulo simungathe."

A Sakala anaseka. "Nanga kusamba? Kuchimbudzi?"

"Okha. Angawasambitse ndani? Pano pali mtengwa chabe. Ife si nyama, bambo."

"Ndiye ndapsa ndi dzuwa pachabe, amai. Fomu iyi ndi ya munthu wosatha kusamba kapena kudzithandiza yekha. Ine ndimalemba zimene ndauzidwa."

Anayamba kupinda fomuyo. Bernadette anapotokola nsonga ya chitenje mpaka zala zinachita dzanzi. Anaganiza za beseni la mailo, ndi la mkuja, chaka chathunthu. Anaganizanso za kuchitsime, mmene azimai adzasiyile nkhani akamuona akubwela.

"Ndine," anatelo, maso ali pansi.

"Mwati bwanji, amai?"

"Ndimawasambitsa ndine. Miyezi isanu ndi iwili tsopano. Ndi zinazo, zonse."

"Iwe, tseka pakamwa," anatelo amai Ennie. "Wamwa chiyani?"

A Sakala anafunyulula fomu pang'onopang'ono. "Mawu a mtengwa sakwana. Pepalali ndi lanu, bambo Njobvu. N'zoona?"

Mdalayo anayang'ana mlongo wake, anayang'ana azimai aja. Mate anatsika pachibwano, ndipo palibe anayelekeza kuwapukuta. Kenaka anatembenuza mutu movutikila nayang'ana Bernadette kumaso, chinthu chimene sanachitepo chimulandilileni pakhomopo.

"Ni... zo'na."

Amai Ennie anadzuka, anakung'untha chitenje, nachoka osatsazika. Azimai aja anawatsatila, akuyankhula kale asanapitilile nkhokwe.

A Sakala analemba nthawi yaitali. Anadinda chala cha a Njobvu chamanzele, nati fomu idutse kwa atcheyamani a chipani kuti asaine, ndipo yankho lidzachokela ku Lusaka.

"Liti?" anafunsa Bernadette.

"Mwina mvula isanagwe. Mwina."

Mailo lake Bernadette anateleka madzi monga mwa masiku onse. Anatenga chitenje chophimbila, anachiyang'ana, nachipachika pachingwe. Ananyamula beseni podutsa pabwalo, nthunzi ikufuka poyela, azimai opita kuchitsime ataima panjila.