Agalu a Aksel

Sitima ya ofufuza dziko la madzi oundana kummwera inabwerera ku Hobart mbendera ili pakati pa mlongoti. Aliyense padoko anadziwa kuti wina watsikira kulichete. Dzina lake ndilo linalibe wolitchula. Sitimayo inaima patali, chifukwa nyuzipepala ina inali itagula nkhani yonse ya ulendowo, ndipo amalinyero analumbira kutseka pakamwa mpaka mtsogoleri wawo atatumiza lamya.

Ottilie Brennock anasiya buledi mu uvuni n'kuthamangira kudoko. Mwamuna wake, Aksel Tveit wa ku Norway, anali wosamalira agalu okoka katundu pa ulendowo. Anakwatirana mwakachetechete, poti, kupatula mabwana, mtsogoleri ankalemba ntchito amuna osakwatira okhaokha. Ngakhale mayi ake a Ottilie sankadziwa.

Bwato linabweretsa mtsogoleri, amene anangolunjika ku positi osayang'ana munthu. M'bwatomo munatsala a Dugald, nkhalamba yopalasa imene inali nawo pa ulendowo, milomo itang'ambika ndi chisanu.

"A Dugald, mwabwerako bwanji?"

"Ndi zala zosakwana, mwanawe. Buledi uja udakawotchabe ngati njerwa?"

"Wafa ndani?"

"Pamenepo ndiye ayi. Ndikangoyasamula, ntchito yatha. Dikira nyuzipepala ngati anzako."

"Akazi a mabwana auzidwa lero lomwe."

"Amenewo ndi akazi a anthu. Nanga iwe ndiwe mkazi wa ndani?"

Ottilie anayang'ana khamu limene linali kumbuyo kwake. Munali amayi a kutchalitchi, munalinso mlongo wake. Akangonena, kunyumba kukhala moto, ndipo Aksel, ngati ali moyo, sadzamutenganso pa ulendo wina.

"Ndine mkazi wa Aksel Tveit," anatero.

Kumbuyo kunamveka manong'onong'o. A Dugald anavula chipewa, nakanda dazi kwa kanthawi.

"Kamnyamata kachinsinsi kameneko! Zaka ziwiri hema mmodzi, osandiuza." Anavalanso chipewa. "Mayi Tveit, za anthu ndinalumbira, sindinganene. Koma za agalu palibe anandiletsa. Ali bwino, anenepa ndi nyama ya akatumbu a m'nyanja. Ndipo mmawa uno atukwanidwa m'chinenero cha ku Norway mpaka makutu anga kuwawa. M'sitima monse muja wolankhula chimenecho ndi mmodzi."

Ottilie anakhala pamulu wa zingwe. Mlongo wake anali atayamba kale kukankha anthu kuti amufike.