Nyumba ya Mavu Yopakidwa Penti

Ndinavula mpango, ndinapanira chitenje m'miyendo, n'kulowa chagada pansi pa thirakitala ija anthu ali mkati moimba. Iwe Ezelina unali kusukulu yogonera nthawi imeneyo. Unangomva zoti agogo ako anachititsa manyazi bambo ako pagulu. Imva zonse.

Thirakitalayo inali ya kalabu yathu ya fodya kuno ku Santhe. Kuti tiigule tinagulitsa ng'ombe zonse zolimira, ndi magoli omwe. Amene anaipeza anali bambo ako, a Frazer, tcheyamani wa kalabu. Wogulitsa, a Lucious, anabwera nayo pa lole kuchokera kutauni, ili psuu, mpando uli m'pulasitiki. Pangano analinena tonse tikumva: ioneni mmene mungafunire, koma makasu ake akangolawa dothi, sibwereranso.

Palibe anaiona. Amayi anaiyalira zitenje, mkulu wa mpingo anayambitsa nyimbo, amuna ankangosisita matayala. Mbande kunazale zinali zitatsala pang'ono kuwokeredwa, ndipo aliyense mtima unali pa mvula.

Ine chinandivuta ndi fungo. Inkanunkha ngati chitseko chopakidwa penti dzulo. Pamene ndinagonapo, pafupi ndi chitsulo cha matayala akumbuyo, ndinaona nyumba ya mavu, aja omanga ndi dothi. Nayonso inali yofiira. Wopopera penti sanaione. Ndinaibanthula ndi chikhadabo, ndipo mkati munali akangaude ouma kalekale. Chitsulo chimenechi chinakhalapo dzinja ndi chilimwe kuseri kwa shedi ya munthu wina.

Mwambo ukuudziwa. Chimangireni nyumba bambo ako pamudzi pathu, ine ndi iwo sitinayang'anizanepo. Tikakumana panjira, mmodzi ankapatukira m'udzu. Mawu ankadzera mwa mayi ako, Nthanda. Ndinamukodola n'kumuonetsa nyumba ya mavu ija m'dzanja langa. Anandinong'oneza kuti ndidikire alendo apite, adzawauza kunyumba. Apo n'kuti a Lucious akupereka kale kiyi.

Ndinayenda mpaka pamaso pa mkamwini wanga, n'kutambasula dzanja.

"Bambo a Ezelina, iyi yalimapo minda ya ena. Musatsitse makasu. Ikwerenso lole."

Nyimbo inaduka. M'dzanja langa simunayang'ane munthu. Onse ankayang'ana ine, nkhalamba yopanda mpango, fumbi kumsana, ikulankhula ndi mkamwini wake maso ndi maso. Alongo anga a Masautso anandikoka mkono n'kufunsa ngati ndalawa kachasu. A Lucious anati mavu amamanga paliponse, ngakhale kudoko kumene katundu amatsikira. Kenako anafunsa momwetulira:

"Kodi tcheyamani ndi uti pano, bambowa kapena apongozi awo?"

Amuna anaseka. Mkamwini pamudzi wa eni alibe munda, alibe manda. Chomwe ali nacho ndi nkhope yake basi, ndipo ya bambo ako inali itagwa. Analandira kiyi. Anakwera, anailiza, anatsitsa makasu, n'kung'amba mzere kuchokera pamango mpaka pachulu. Nthungululu zinalira. Fumbi lisanakhazikike, lole inali itatembenuka.

Inalima munda wa a Jeremiya, anzathu a m'kalabu, ndi theka la wathu. Kenako inatsokomola n'kuima, mafuta akuda akuchucha pansi. Makaniko wochokera kuboma atatsegula, anati injini yake inatha kalekale. Anapala penti ndi mpeni, pansi panatuluka ina yobiriwira. Foni ya a Lucious sinalowenso.

Mvula inabwera pa nthawi yake. Ng'ombe kunalibe. Tinagwira makasu a manja, koma dothi limene timalima ndi ng'ombe silitha ndi khasu. Mbande zinatalika kunazale, zinalimba miyendo, zina mpaka kuchita maluwa. Matenanti a ku Mulanje amene a Jeremiya anawatenga anamanga katundu pakati pa dzinja, ana kumbuyo, osadziwa kolowera. M'zigafa za fodya chaka chimenecho munkagona mbuzi.

Pa msonkhano wa kalabu bambo ako ankakhala mutu uli pansi. Palibe anawatukwana, koma moni unachepa. Chimanga chisanache anati akukaona amalume awo ku Mchinji. Jekete lawo likadali pamsomali.

Mlandu womwe unakambidwa pabanja unali wanga. Anandigamula nkhuku yopepesera mkamwini. Ndinaigwira, ndinaimanga miyendo, koma woilandira anali atapita. Mayi ako anangoimasula.

Thirakitala ija ukuiona kuseri kwa chigafa chathu, ndipo mavu amangamo nyumba zatsopano.

Tsopano ndamva kuti kalabu yasankha iwe kuti ukaone pampu yothirira nazale imene ikufuna kugula. Usavale zoyera. Ugwade, uisuzumire kunsi, uinunkhize, uipale ndi chikhadabo, nyimbo ziyambe pambuyo. Ndipo wina akakutambasulira dzanja, kaya ndi ndani, kaya walakwira mwambo wanji, yamba waona chimene chili m'dzanjamo.