Nyuri Asewera Fulaye ku Kawale

Chombo chonga mbale yaikulu chitatera pabwalo la sukulu ina ku Kawale, ana onse anathawira m'makalasi. Zulekha yekha ndiye anatsala, mpira wa fulaye uli m'manja.

M'chombomo munatuluka mtsikana wobiriwira, wa maso atatu.

"Dzina langa ndine Nyuri," anatero m'Chichewa chomveka bwino. "Ndachokera kutali, kuseri kwa nyenyezi. Kwathu ana sasewera pamodzi, ndiye ndakhala ndikukusirirani ndili kumwamba. Mungandilole ndisewere nanu?"

Zulekha anamwetulira. "Lowa pakati! Mpira ukakugunda, watuluka."

Anaitana mnzake Jacinta, amene anabwera n'kuima mbali inayo. Zulekha anaponya mpira mwamphamvu. Nyuri analumpha mpaka kupitirira denga la Sitandade 6, n'kutera pansi akuseka.

"Eee! Ameneyu ndi wa timu yathu basi!" Jacinta anafuula.

Ana anatuluka m'makalasi ali liwiro, kulimbirana mpirawo. Belu litalira, Zulekha anagwira dzanja lozizira la Nyuri, nalowa naye m'kalasi, n'kumusendera malo pa desiki yake.